Chipangizo chikayamba kuluma, musachikulunge nsalu

Lachiwiri usiku ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi saluni ku Area 36. Akuti draya yawo yaikulu, ija kasitomala amakhala pansi pake, yayamba kuluma ukakhudza chitsulo chake, ndipo atsikana awo akumaigwira ndi thaulo akafuna kuisuntha. Ndalama ali nazo zochepa, ndiye akufunsa kuti agule chiti: gadi ngati wa filiji uja, kachipangizo kobaya pa soketi kamene kamathimitsa magetsi akakwera kapena kutsika kwambiri, kapena magolovesi a atsikanawo?

Mayi, nditafika pa mawu oti thaulo ndinaika foni pansi. Kwathu silinali thaulo, chinali chitenje.

Munali mu 2022. Mukukumbukira kuti mu Januwale chaka chimenecho namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankatha kuchoka m'mamawa n'kubwera anthu atagona kale, ndipo m'minibasi nkhani inali ya mafiliji ndi ma TV amene apsa magetsi pobwera. Ife tinkachita lendi ku Area 25, ndipo mayi a kunyumba ankagulitsa mafirizesi, choncho filiji inali munda wathu. Ndinapita m'tauni, ndinagula gadi wa filiji ndi wina wa TV, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Ndinkaona kuti banja langa ndaliteteza.

Mvula itayamba kumapeto kwa chaka, chitseko cha filiji chinayamba kunyerenyetsa. Osati kwambiri, kumangoti nyere nyere m'zala, makamaka ukakhala wopanda nsapato. Tinati ndi chinyezi chabe, mvula ikatha zisiya. Mayi a kunyumba anamanga chitenje pa chogwirira, tonse tinazolowera kutsegulira pa chitenjepo. Zinakhala choncho masabata atatu. Loweruka lina m'mawa atangomaliza kukolopa, simenti idakali yonyowa, mwana wathu wamkazi, wa zaka 7 nthawi imeneyo, anatumidwa kukatenga mafirizesi awiri a kasitomala amene ankadikira pa geti. Anali wopanda masilipasi. Msinkhu wake sunkafika bwino pa chitenje, ndiye anagwira m'mphepete mwa chitseko, m'munsi, pamene penti inali itasupuka.

Sanakuwe. Chimenechi ndi chimene sindidzaiwala. Anangoti gwa, kadzanja katakanirira pa chitsulo, maso ali tong'o, phewa likunjenjemera. Amayi ake anali akuthamanga kuti amukoke, ine ndinali pafupi ndi khoma ndipo ndinazula pulagi asanamufike. Mwana anagwa pansi, ndi pamene analira. Kuchipatala anamuyeza mtima, anamuika mankhwala pa kachilonda ka m'chikhatho, madzulo tinabwerera kunyumba tonse atatu. Amayi ake akanamugwira pulagi isanazulidwe, pa simenti yonyowa yomwe ija, bwenzi onse awiri atagwidwa.

Ndipo pamene ndinkazula pulagi, kanyali ka gadi kanali kakuyaka kobiriwira. Gadi uja sanalakwe chilichonse. Ntchito yake n'kuyang'ana ngati mphamvu yolowa ili pafupi ndi mavolti 230 amene timalandira kuno, ndipo inali pomwepo. Zoti mphamvuyo ikudutsa m'thupi la mwana, iye sanapangidwire kuziona.

Lolemba ndinaitana mmisiri wachikulire amene timapemphera naye, munthu wa chiphaso. Anayamba ndi pulagi. Atamasula kasikuluu n'kuitsegula, anandionetsa: waya wa bulauni uli m'malo mwake, wa buluu uli m'malo mwake, koma wachitatu uja, wobiriwira ndi chikasu, wodulidwa mofupika, wapindidwira m'mbali osalumikizidwa paliponse. Anatsegula soketi ya pakhoma, munali mawaya awiri okha. Tinazungulira nyumba yonse kufuna chitsulo cha earth chokhomedwa pansi, sitinachipeze. Kumbuyo kwa filiji, pafupi ndi kompulesa, makoswe anali atatafuna waya mpaka mkuwa kuonekera, ndipo unkakhudza thupi la filiji. Pomaliza anatsegula bokosi la mabuleka n'kundiuza kuti, "Achimwene, awa amalondera mawaya kuti nyumba isapse. Wolondera munthu mulibe muno."

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kuti inunso mumve, mayi. Buleka wamba amathimitsa magetsi akapitirira nambala yolembedwa pa iye, kaya ndi ma amp 20, kaya 32. Koma munthu safuna ma amp 20 kuti afe. Amp imodzi ili ndi ma milliamp 1,000, ndipo pa ma milliamp 10 mpaka 20 okha minofu ya dzanja imakungika moti sungathe kusiya chimene wagwira. N'chifukwa chake mwana wanga anakanirira. Akapitirira 50 n'kudutsa pachifuwa, mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe kake. Buleka wa ma amp 20, amene ndi ma milliamp 20,000, saona kanthu pamenepo. Chimene chimaona ndi earth leakage, ena amati RCD. Iyo imayerekeza magetsi amene akupita ndi amene akubwerera. Ikapeza kuti ena akusowa, kutanthauza kuti athawira kwina, mwina m'thupi la munthu, imathimitsa sekondi isanakwane. Yoteteza anthu imalembedwa 30mA, ndipo ili ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Waya wa earth naye ntchito yake n'kupereka njira yachidule yoti magetsi othawa apitire pansi, m'malo modikira phazi la munthu. Zinthu ziwirizi zikanakhalapo, filiji yathu ikanathimitsa magetsi tsiku lomwe khoswe anamaliza kutafuna.

Apa ndiye ndikufuna ndilankhule mosapsatira. Munthu amene amalandira lendi mwezi ndi mwezi pa nyumba yopanda earth ndi earth leakage akusewera ndi miyoyo ya ana a eni. Kale ndinkati mwina sadziwa. Pano sindivomerezanso zimenezo, chifukwa alandilodi omwewo amadziwa mtengo wa matailosi, amadziwa kuika geti yokongola ndi mpanda wa waya wamagetsi pamwamba. Nditawauza athu aja anandiyankha kuti nyumbayo anthu akhalamo zaka zambiri palibe anafapo. Tsoka silinunkha. Ndinalipira ndekha mmisiri, anakhoma chitsulo, anakoka waya wachitatu, anaika earth leakage, ndipo patapita miyezi ingapo tinasamuka n'kuzisiya momwemo kuti zithandize obwera pambuyo pathu. Pano ndikamaona nyumba ya lendi, ndisanaone bafa ndimayamba ndatsegula bokosi la mabuleka.

Ndipo si alandilodi okha. Ife tomwe timakonda mnyamata wa pa kona amene anaphunzira poonera, chifukwa satchaja zambiri. Iye amadziwa kuti mawaya awiri akwana kuti babu liyake, wachitatu amamuona ngati wongowononga ndalama. A MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, amapereka ziphaso kwa amisiri oika magetsi m'nyumba, ndipo si mwano kumufunsa munthu kuti akuonetseni chake. Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi za inu ndi mmisiri wanu.

Yendani m'misika yathu, kaya ku Kawale, kaya ku Chinsapo, muone zimene zili kuseri kwa mashopu ometera ndi otchajira mafoni. Mawaya awiri osenda abayidwa mu soketi n'kutsekerezedwa ndi timitengo ta machesi. Polumikiza pakulungidwa jumbo m'malo mwa tepi. Fyuzi ikapsa, amakulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Pulagi yathu ya mano atatu ija inapangidwa mwanzeru kwambiri. Dzino lalitali ndi la earth, limalowa koyamba n'kutuluka pomaliza, ndipo m'kati mwa pulagimo muli fyuzi, ya ma amp 3 pa tinthu tating'ono ngati nyale, ya 13 pa ketulo ndi simbi. Ukaika waya m'malo mwa fyuzi wachotsa chinthu chimene chimayenera kupsa m'malo mwa nyumba yako.

Za maekisitenshoni ndiye zimandiwawa kwambiri, ndipo m'saluni ndi momwe amazunzikira. Ma amp 13 pa mavolti 230 ndi mawati pafupifupi 3,000. Amenewo ndiwo malire a pulagi imodzi, ngakhale ekisitenshoniyo ikhale ndi mabowo asanu ndi limodzi. Draya ya m'manja imatha kudya mawati 2,000 payokha, ketulo yotenthetsera madzi osambitsira tsitsi chimodzimodzi. Ziwiri zokhazi zapitirira kale. Ndiye ambiri otchipa aja ukawadula waya wake umapeza timaulusi towerengeka, ndipo ena dzino la earth ndi lokongoletsa chabe, m'kati silinalumikizidwe. Gwirani pulagi ikagwira ntchito kwa mphindi khumi. Ikakhala yotentha, kapena pa soketi pakayamba kuda ngati pawauka, kapena mukamva fungo ngati la nsomba yowola, pulasitiki ikupsa m'katimo.

Za magolovesi

Mayi, musawagule. Magolovesi ochapira mbale kapena opakira mankhwala a tsitsi sanapangidwire magetsi. Amabooka ndi chikhadabo, amalowa madzi, ndipo choopsa kwambiri n'choti mtsikana akawavala amalimba mtima n'kugwira chimene akanachiopa. Komanso kasitomala amene mutu wake wonyowa uli m'kati mwa draya simungamuveke golovesi.

Mlamu wanga amawotcherera ku Mchesi, ndipo kwa zaka ankakhulupirira kuti magolovesi ake achikopa amamuteteza ku shoko. Achikopa ndi a moto ndi zothetheka. Akanyowa thukuta amadutsa magetsi. Enieni a magetsi ndi a mphira wokhuthala, ndipo amalembedwa kalasi yake: Class 00 ndi ya mavolti 500, Class 0 ndi ya 1,000. Asanavale mmisiri amawauzira mpweya n'kuwapinda kuti amve ngati akutuluka penapake, kenako amavala achikopa pamwamba kuti mphira usang'ambike. Masikuludiraiva ndi mapulayazi a ntchitoyi amalembedwa 1000V pa chogwirira. Zonsezi ndi za munthu amene ntchito yake ndi magetsi, ndipo ngakhale iyeyo lamulo lake loyamba n'kuthimitsa, kukhoma loko pa bokosi kapena kupachika chikwangwani kuti wina asayatse, n'kuyeza kuti watsimikiza. Katesita koyaka kanyali kaja sikokwanira. Padzuwa sikaoneka bwino, ndipo kakafa sikakuuza. Mlamu wangayo pano amavala jombo za chitetezo zouma, ndipo kukagwa mvula sawotcherera panja ngakhale mwini geti akalipe bwanji.

Za gadi

Gadi ndi wabwino, sindikumunyoza. Mphamvu ikakwera kapena kutsika kwambiri amathimitsa, ndipo magetsi akabwera amadikira mphindi zochepa asanayatse filiji, kuti kompulesa isadzuke mokakamizika. Pali vuto lina limene limachitika waya wa neutral, wobwererapo magetsi uja, ukaduka pa laini, nyumba zina n'kulandira mphamvu yoyandikira mavolti 400. Pamenepo gadi wotere amapulumutsa katundu. Koma ndi katunduyo basi. Ngakhale mphenzi ikagunda pafupi palibe gadi wa pa soketi amene ndingamudalire. Ziphaliwali zikayamba, monga zimachitira kuno kuyambira Novembala, kwathu timazula mapulagi pamodzi ndi waya wa dishi.

Izi zandikumbutsa za majenereta, poti saluni zambiri zili nawo. Ndinaonapo anthu akutenga waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri, uku ku jenereta, uku mu soketi ya pakhoma, kuti nyumba yonse ikhale ndi magetsi. Mano a pulagi inayo amakhala ndi moto ali poyera. Ndipo ukaiwala kuthimitsa main switch, magetsi ako amabwerera pa laini, pamene mwina pa polo pali bambo wa ana amene akukonza akudziwa kuti laini ndi yakufa. Pamafunika changeover switch, swichi imene imachotsa nyumba pa laini ya ESCOM isanailumikize ku jenereta, yoikidwa ndi mmisiri. Jeneretayo ikhale panja, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Moto wa magetsi musathire madzi. Thimitsani kaye, ndipo chozimitsira chikhale cha ufa kapena cha CO2. Atsikana anu muwauzenso kuti mnzawo akagwidwa asamukhudze. Athamangire ku swichi, ikakhala patali amukankhe ndi mtengo wouma wa tsache, ndipo apite naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Ndiye ndalama zanuzo, mayi. Draya ija isayatsidwenso kuyambira mawa, ngakhale Loweruka kudzaze makasitomala a ukwati. Zulani pulagi muibise. Itanani mmisiri wa chiphaso aikonze, ayeze earth ya shopu yonse, aike earth leakage ya 30mA m'bokosi. Eni nyumba akakana kuti mugwire bokosi lawo, funsani m'mashopu a zamagetsi RCD yobaya pa soketi, ngakhale imeneyo imangoteteza chimene mwabayapo. Muzidina kabatani ka Test miyezi itatu iliyonse. Magetsi akapanda kuthima, yafa. Ikayamba kumathimitsa yokha musalole wina aidumphitse, pali chimene yaona. Gadi mudzagula ndalama zikadzapezekanso.

Mmisiriyo akatsegula pulagi ya draya, imani pomwepo muone nokha ngati waya wobiriwira ndi chikasu wamangidwa pa dzino lalitali. Mujambule, munditumizire pa imelo yomwe ija.