Makaniko watchula mtengo wa injini, ndi woona kapena ayi?

Achimwene, mwafunsa kuti ife olowetsa masipeya malonda athu amayenda bwanji, komanso ngati ndalama imene makaniko wakutchulirani pa Corolla yanu yakale ya injini ya 5A-FE ndi yoyenera. Ndalama yongotchula pakamwa siyankhika. Muuzeni alembe padera masipeya, padera ntchito ya manja ake, padera za kumakina opalira hedi (mutu wa injini) ndi crankshaft (chitsulo chakunsi chimene mapisitoni amazungulitsa). Akakana kulekanitsa, dziwani kuti pali chimene akubisa.

Ndipo asamasule bawuti ngakhale imodzi asanayeze compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya. Masilinda onse anayi, injini ili yotentha, mapulagi atachotsa. Kusiyana kukaposa 10 peresenti pakati pa silinda yamphamvu ndi yofooka, vuto lilipo. Athire kasipuni ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Ikakwera, ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, ndi mavalavu kapena gasiketi ya hedi. Mtengo umachokera pamenepa, chifukwa ntchito ya kumwamba (hedi) ndi ya kunsi (mapisitoni ndi crankshaft) n'zotalikirana. Utsi wabuluu wongotuluka poliza m'mawa nthawi zambiri ndi masili a mavalavu, tinthu totchipa, koma alipo amene amalemba overhaul, kuphwasula ndi kukonza injini yonse, pa utsi womwewo.

Gasiketi ikapsa madzi amatha, mu radiyeta mumachita thovu, oyilo amasanduka ngati mkaka. Hedi ya aluminiyamu imapindika ikatentha kwambiri, ndipo pa injini ngati yanuyo ikapitirira 0.05 mm iyenera kupalidwa. Amakaniko ambiri amangoika gasiketi pa hedi yopindika, ikapsanso n'kumati ndi ife tinagulitsa yabodza. Katundu wanga ndimamudziwa, sindimangotola. Poti mwatsegula kale, lamba wa timing, tensioner yokunga lambayo ndi pampu ya madzi zisinthiretu limodzi. Lamba amayenda pafupifupi makilomita 100,000, ndipo wokulipiritsani ntchito ya manja kawiri pa malo amodzi akukuberani.

Kunsi kukagogoda ndiye muwerenge bwino. Kupala crankshaft, mabeyaring'i a saizi yatsopano ya 0.25 mm, kuboola masilinda, mapisitoni okulirapo ndi 0.50 mm, maring'i, seti ya magasiketi, pampu ya oyilo. Zikafika pafupi ndi mtengo wa injini yathunthu ya ku Japan yoikaika kale m'galimoto, kukonza kulibe phindu.

Koma injini zimenezo, ha! Ndi zimene zimagwetsa amalonda. Zambiri zimachoka ku Japan n'kukaunjikidwa ku Sharjah, pafupi ndi Dubai, zotsukidwa bwino, aliyense wogulitsa akulumbira kuti zayenda pang'ono. Munthu watsopano amatumiza ndalama atangoona zithunzi, n'kudzaza kontena. Pofika, zina zauma chifukwa madzi analowera ku manifold, mapaipi a mpweya, zili panja, zina zadzaza phala lakuda la oyilo wakale, zina anazichotsa alternator ndi distributor. Msonkho walipira kale, ngongole ikubala, wogulitsa sakuyankhanso foni. Injini sigulidwa osaika sipanala pa pulley ya kutsogolo n'kuizungulitsa kawiri kuti mumve ngati silinda iliyonse ikukana. Mutsegule kachivindikiro ka oyilo n'kuwalitsa tochi mkati, muchotse mapulagi muone ngati pali la dzimbiri. Muonenso nambala yodindidwa pa block, chifukwa 4A ndi 5A zimafanana nkhope, ndipo mawaya ndi kompyuta yake amasiyana malinga ndi chaka. N'chifukwa chake odziwa amakonda half-cut, theka lakutsogolo la galimoto, zonse zili momwemo.

Za pa boda musandiyambitse. Msonkho amawerengera pa mtengo wogulira, inshuwalansi ndi mayendedwe pamodzi, koma injini yakale ilibe mtengo umodzi wodziwika. Wa kasitomu akakayikira invoisi yanu amaika wake, ngakhale munthuyo sanagwirepo pisitoni chibadwire. Mukatsutsa, katundu amakhala, ndalama yosungira ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Musunge umboni wa kubanki, invoisi yolemba nambala ya injini iliyonse, ndi mndandanda wa zimene zapakiridwa. Zonsezo zimalowa mu mtengo umene inu mumati takwezera dala.

Tibwerere kwa makaniko wanu uja. Masipeya muwafunse ndi nambala ya chassis m'masitolo atatu, ndipo mufunse dzina la wopanga. Pampu ya Aisin, mapulagi a Denso kapena NGK sangafanane mtengo ndi zopanda dzina, ngakhale mabokosi achinyengo a maina omwewa ali mbwee, ndiye wotchipitsitsa mumukayikire. Makaniko akaonjezera pang'ono pa zimene wakugulirani si mlandu, wayenda. Koma zakale zonse zimene wachotsa akubwezereni m'manja, ndipo ngati mwasankha injini ya ku Japan, wogulitsa alembe papepala masiku amene angaibweze ikapanda kulira bwino.