Yankho: shopu ya nsomba zosowa za m'galasi ku Salima

Achimwene, mwafunsa ngati mungatsegule shopu ya nsomba zosowa zoweta m'matanki a galasi. Shopu yogulitsa nsomba zosowa zokhazokha singakudyetseni kuno ku Salima. Ngati mtima wanu uli pomwepo, iyambeni ngati geni yapambali, ndalama zizibwera pogulitsa matanki, chakudya cha nsomba ndi kutsukira anthu matanki awo.

Vuto ndi ogula. Munthu wakuno akaona mbuna (tinsomba tokongola tokhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi) m'galasi amafunsa kuti mulu ndi zingati, akuganiza za ndiwo. Ogula enieni ndi malo ogona alendo a ku Senga Bay ndi anthu a ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Msika waukulu uli kunja, ndipo kampani ya Stuart Grant ku Kambiri Point yakhala ikutumiza nsombazi ku Ulaya kwa zaka zambiri.

Ndiye pali magetsi. Ine ndinasungapo matanki atatu pakhonde. Usiku wina wa mu Okutobala, kutentha kuja mukukudziwa, magetsi anathima pampu ya mpweya n'kuima. M'mawa ndinapeza nsomba zina zitayandama chagada, zotsala zikupumira pamwamba pa madzi. Popanda sola ndi batire musayerekeze.

Chabwino chake, mbuna zimaswana m'tanki momwemo. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu, ndiye simukuyenera kudalira kunyanja.

Zilumba za Maleri zili mu Lake Malawi National Park, kugwirako nsomba n'koletsedwa, choncho samalani ndi anyamata obwera nazo mu ndowa. Musanagule galasi ngakhale limodzi, kaonaneni ndi a ofesi ya Fisheries za chiphaso. Nsomba zikayamba kudwala, funsaninso iwowo.