Funsani za Mpira: Omwetsa zigoli a m'maligi ang'onoang'ono ku Italy

Funso: Zikomo akonzi. Tinatsutsana ndi anzanga za Dario Hübner. Ena akuti anafika zaka 30 asanapondeko mu Serie A, ligi yaikulu ya ku Italy, koma anadzatsogola pomwetsa zigoli m'ligiyo. Ndi zoona zimenezi?

Yankho: Anzanuwo sananame. Hübner anabadwa mu 1967 ku Muggia, kufupi ndi Trieste, ndipo ali ndi zaka 20 anapita ku timu ya Pievigina. Anadzera ku Pergocrema n'kukakhazikika ku Fano, komwe anatsogola pa zigoli mu Serie C1, ligi ya gawo lachitatu, mu 1991/92. Cesena inamutenga mu 1992, nasewera zaka 5 mu Serie B, ligi ya gawo lachiwiri. Mu 1995/96 anamwetsa 22, kuposa aliyense m'ligimo, komabe palibe timu yaikulu inamugula chaka chimenecho.

Mwayi unadza mu 1997 atapita ku Brescia. Masewero ake oyamba mu Serie A anali ku San Siro, bwalo la Inter, pa 31 August, tsiku lomwe anthu anadzaza bwalo kudzaonera Ronaldo atavala yunifomu ya Inter koyamba m'ligi. Woyamba kugwedeza ukonde anali Hübner, ngakhale Recoba anadzabweza ziwiri Inter n'kupambana 2-1. Chaka chimenecho anamwetsa 16 koma Brescia inatulukabe m'ligi. Iye sanathawe, anatsika nayo mpaka kuibwezeretsa mu 2000.

Za mkangano wanuwo zinachitika mu 2001/02 ali ku Piacenza: zigoli 24 m'ligi ya masewero 34, zofanana ndi za David Trezeguet wa Juventus. Kusiyana kwake n'kwakuti Trezeguet ankapatsiridwa ndi Del Piero ndi Nedvěd, pomwe Piacenza inkangolimbana ndi kupulumuka. Hübner anali ndi zaka 35, ndipo timu ya dziko sinamuitanepo n'kamodzi komwe. Iye ndi Igor Protti ndi okhawo amene anatsogolapo pa zigoli mu Serie A, Serie B ndi Serie C1.

Funso: Ndikaona mbiri ya osewera kutsogolo a m'maligi amenewa, ndimapeza matimu 12 kapena 15. Kodi ndi kusakhazikika maganizo?

Yankho: Kawirikawiri vuto silikhala la wosewerayo. Matimu ambiri a Serie C amapereka kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri chifukwa sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala ndi ndalama. Timu ikachedwa kulipira malipiro imalandidwa mapointi, ndipo ikalephera kukwaniritsa zofunika polembetsa sizoni yatsopano imachotsedwa, osewera onse n'kukhala opanda timu. Izi sizisankha dzina. Fiorentina inagwa mu 2002 n'kukayambiranso mu Serie C2, gawo lachinayi panthawiyo, ndi dzina loti Florentia Viola. Amene anainyamula ndi Christian Riganò, mmisiri womanga nyumba wochokera pachilumba cha Lipari, yemwe anamwetsa zigoli 30 sizoni imeneyo. Parma nayo inakayambira mu Serie D, ligi ya pansi pa Serie C, mu 2015.

China ndi kubwereketsana. Mnyamata amene ali ndi kontirakiti ku timu ya Serie A akhoza kutha zaka zinayi akungotumizidwa uku ndi uku osaivalako yunifomu ya eni ake. M'mbiri zakale mupezanso dongosolo lotchedwa comproprietà, pomwe matimu awiri ankagawana wosewera theka ndi theka. Akalephera kugwirizana, aliyense ankalemba mtengo mu envelopu yomata, wokweza n'kumutenga. Linathetsedwa mu 2015.

Palinso msika wa January. Timu yofuna kukwera kapena yoopa kutsika imathamangira munthu wodziwa golo, nthawi zambiri wazaka zopitirira 30, kwa miyezi 5 yokha. Ndiye mukaona matimu awiri m'sizoni imodzi musadabwe. Akuluakuluwa amapanikizidwanso ndi malamulo: mu Serie C timu imalandira ndalama ikaseweretsa achinyamata, ndipo mu Serie D kuwaika m'bwalo ndi lamulo, choncho malo a wamkulu amachepa ndipo amene akudya malipiro ambiri ndiye amayamba kuchotsedwa.

Funso: C1, C2, Lega Pro, Serie C. Zonsezi ndi ligi imodzi?

Yankho: Kuyambira 1978 kunali C1 pagawo lachitatu ndi C2 pagawo lachinayi. Mu 2008 anazitcha Lega Pro Prima Divisione ndi Seconda Divisione, mu 2014 anaziphatikiza, ndipo mu 2017 dzina la Serie C linabwerera. Masiku ano muli matimu 60 m'magulu atatu a 20. Opambana m'gulu lililonse amakwera, wachinayi amapezeka kudzera m'masewero achipulula. Pansi pake pali Serie D, kenako Eccellenza ndi Promozione.

Powerenga mbiri ya wosewera, yambani mwaona chaka ndi gawo musanaone zigoli. Zigoli 15 za mu C2 mu 2005 si zofanana ndi 15 za mu C1 chaka chomwecho. Chotsaniponso mapenate, chifukwa m'matimu ang'onoang'ono womwetsa wamkulu ndiye amamenya onse, ndipo onaninso masewero amene anayamba, osati amene analowa mphindi 10 zomaliza. Mukapeza Eccellenza kumapeto kwa mndandanda, musathamangire kunena kuti munthuyo anagwa. Ambiri amasankha timu ya kufupi ndi kwawo, monga Hübner yemweyo, amene atachoka ku Mantova mu 2005 anapitiriza m'matimu ang'onoang'ono a chigawo cha Lombardy mpaka atapitirira zaka 40.