Akufuna tilowane kuti tipulumutse ndalama ya lendi

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 20 ndipo ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya boma. Chaka chino sindinapeze malo m'hositelo, choncho ndikukhala m'chipinda cha lendi ndi mtsikana mnzanga. Bwenzi langa, yemwe ali m'chaka chachinayi, akundikakamiza kuti ndisamukire kwa iye kuti tizilipira lendi imodzi ndi kudyera pamodzi, popeza ndalama ya ngongole imatithera semesita ili pakati. Anzanga akuti ambiri akuchita zomwezo, ndipo akuti ndikakana andilanda atsikana a chaka choyamba. Ndimamukonda, koma makolo anga kumudzi sakudziwa chilichonse. Ndichite chiyani?

Wothedwa nzeru

Mwana wanga,

Usasamuke. Vuto la ndalama limene watchulalo sindikulipeputsa, pakuti malo ogona m'mayunivesite athu ndi ochepa poyerekeza ndi ophunzira amene amasankhidwa chaka chilichonse. Aliyense amene anayendako ku Chikanda ku Zomba, kapena m'madera ozungulira sukulu za ukachenjede za MUBAS ku Blantyre ndi Bunda ku Lilongwe, akudziwa mmene ana athu akuthithikanirana m'tizipinda ta lendi. Nayo ndalama yochokera ku bungwe lobwereketsa ophunzira la HESLGB ndi ngongole imene udzabweza ndi thukuta lako ukadzayamba ntchito, ndiye uyenera kusamala kuti ikudyedwa ndi yani.

Tsono taganizira mmene tsiku limayendera m'nyumba yongolowana. Nonse awiri mwachokera m'kalasi madzulo ndipo nonse muli ndi mayeso mawa, koma wokoleza mbaula, wosankha bonya ndi wotsuka mapoto amakhala mtsikana, mnyamata ali pamatiresi ndi laputopu pamiyendo. Loweruka mtsikanayo amachapa zovala za anthu awiri, ndipo anzake a mwamunayo akabwera amamutchula kuti alamu kwinaku akudikira nsima. Ntchito zonse za mayi wapabanja udzazigwira, koma chitetezo chimene mayi wapabanja amakhala nacho sudzachiona, chifukwa palibe nkhoswe imene ikudziwa kuti uli m'nyumbamo. Tsiku limene mudzakangane usiku, kapena limene adzakukwezere dzanja, udzasowa kolowera, popeza chipinda chako udzakhala utachisiya ndipo makolo sungawauze chinthu chimene unawabisira.

Malamulo nawonso sadzakuikira kumbuyo mmene ena amaganizira. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limavomereza ukwati wa anthu ongokhalira limodzi pokhapokha khoti litagamula choncho, ndipo china mwa zimene khoti limayang'ana ndi chakuti ubalewo watha zaka zosachepera 5. Maphunziro ambiri a digiri amatenga zaka 4, ndipo mnyamatayo watsala ndi miyezi yowerengeka kuti amalize. Akakayamba ntchito ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, iwe udzatsala ndi lendi yonse pamutu pako komanso zaka ziwiri za sukulu, ndipo utati uli ndi pakati, iye adzavala gauni pa nthawi yake pamene iwe ukulemba kalata yopempha kuimitsa kaye maphunziro. N'zoona kuti lamulo limamukakamiza bambo kusamalira mwana wake, koma silingakubwezere chaka chimene chatayika.

Za atsikana a chaka choyamba zisakusowetse tulo. Mnyamata amene angakusiye chifukwa wakana kusamuka akhoza kukusiyanso uli m'nyumba mwake momwemo, ndipo zimene anzako akukuuzazo ndi mantha amene asunga atsikana ambiri anzeru m'zibwenzi zosawathandiza. Chimandipweteka mtima n'chakuti mtsikana amene anapambana anzake masauzande pa mayeso a MSCE afike poganiza kuti ayenera kugula chikondi ndi mphika.

Sindikunena kuti uthetse chibwenzicho, chifukwa mabanja olimba ambiri anayambira pa koleji pomwepo. Umuuze mwaulemu kuti upitiriza kukhala ndi mtsikana mnzako mpaka utamaliza sukulu, ndipo ngati ali ndi cholinga cha ukwati, pa tchuthi chikubwerachi akuonetse kwa alongo ake kapena azakhali ake, iwenso umudziwitse kwa amalume ako kuti nkhani ya chinkhoswe idzayambe poyera nthawi yake ikakwana. Mmene adzayankhire pempho limenelo udzadziwa zimene zili mumtima mwake. Ngati mwayamba kale kugonana, pitani nonse kuchipatala mukayezetse magazi ndi kumva uphungu wa njira zolera, ndipo kondomu musaisiye chifukwa ndi imene imateteza ku mimba ndi matenda pamodzi. Pa nkhani ya lendi, pezani mtsikana wachitatu woti mugawane naye chipinda, ugogode ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira kufunsa za malo m'hositelo ndi thandizo la ovutika, ndipo amayi ako uwaimbire foni sabata ino uwauze mmene ndalama zikukuvutira.

Azakhali