Amene mwafika kumene ku Texas ndi ana a sekondale, za dual credit izi muzidziwe msanga

Abale anga mwangotera kumene, ndikudziwa mutu uli pa ntchito, lendi ndi laisensi ya galimoto, koma nkhani ya sukulu ya anawa musaigonere, ine inandiwawa.

Mwana wanga wamkazi anayamba giredi 9 kuno. Ma A okhaokha, ine nkumatumiza lipoti lake kumudzi pa WhatsApp monyada. Tikufika giredi 11 tikuona pa mndandanda wa kalasi ali kumbuyo kwa anzake opeza ma B. Ndinapita kusukulu nditafufuma, ndimvekere mwalakwitsa masamu apa. Anandikhazika pansi nkundilongosolera bwinobwino, ndinatuluka manyazi ali tho.

Kwathu wa ku CDSS ndi wa ku national secondary amalemba pepala limodzi la MANEB, mapointi ndi omwewo. Kuno A wa kalasi wamba amawerengedwa 4.0 pomwe masukulu ambiri A wa AP (Advanced Placement, makalasi ovutirapo a mlingo wa ku koleji) kapena dual credit amamukweza mpaka 5.0, distrikiti iliyonse ili ndi kawerengedwe kake. Dual credit ndi kalasi ya ku koleji imene mwana amaitenga akadali ku sekondale, imawerengedwa ku sekondale ndi ku koleji komwe, ndiye akakhoza wadulako kale fizi ya ku koleji. Ndipo kuno ku Texas, kuyambira 1997, amene ali mu 10% ya pamwamba m'kalasi mwake amalandiridwa mosavuta m'mayunivesite aboma, kupatula UT Austin imene imafuna ochepa kuposa apo. Mukuonatu kuti kanambala ka pa mndandanda wa kalasi kaja si kamasewera.

Chowawa nchoti makalasiwa sapezeka mofanana. Kuti tichala aphunzitse dual credit amafunika masters ndi ma credit 18 a phunzirolo, ndiye sukulu ya kudera la anthu a ndalama imakhala nawo ambirimbiri pomwe ya kumene ambirife timayambira, kwa lendi yotchipa kuja, mwina ndi ochepa chabe, ena mwana achite kupita yekha ku community college (koleji ya m'dera ya zaka ziwiri), nanga galimoto ndi imodzi inu muli ku shifiti, apita bwanji? Komanso ana athu akangomva kalankhulidwe kawo ena akusukulu amafulumira kuwaika makalasi ofewa, chikhalirecho Chingerezi anayamba kuphunzira ku pulayimale. Kansala wa sukulu (mlangizi wa ophunzira) ali ndi ana mazanamazana, sangakuimbireni foni. Ife timati ulemu kukhala chete, iwo amati ndiye kuti mwakhutira.

Ndiye pitani nokha sabata yoyamba, transcript (chikalata cha magiredi a mwana) ya kwathu m'manja. Funsani makalasi a dual credit amene alipo, liti mwana angalembe mayeso a TSI (oona ngati wakonzeka kutenga makalasi a ku koleji), ndipo ngati ali wamng'ono funsani za Algebra 1 ku giredi 8, mpikisano umayambira pamenepo. Fomu ya chakudya chaulere cha kusukulu ija musachite nayo manyazi, lembani, chifukwa lamulo la HB 8 la 2023 linabweretsa pulogalamu ya FAST yoti ana otere atenge dual credit osalipira m'makoleji amene analowamo.

Koma musamuunjikirenso mwana ngati thumba la chimanga. Giredi ya dual credit imamatirira pa transcript ya ku koleji, F amene wapeza ali ndi zaka 16 amamutsatira mpaka pa nkhani ya financial aid, thandizo la ndalama za ku koleji. Wanga wachiwiri tinamuyambitsa ndi makalasi awiri okha, ndipo tsiku lomaliza lololedwa kusiya kalasi ndinalimata pa firiji.