Funsani Dokotala: Kodi magetsi angalumikize fupa langa?

Adokotala, ndinathyoka mwendo m'munsi mwa bondo miyezi 10 yapitayo. Chikhakha anachotsa kalekale, koma ndikaponda pamapwetekabe ndipo ndikuyendabe ndi ndodo. Kuchipatala sindinabwerereko, ndimangomwa diclofenac. Ndawerenga pa intaneti za kamakina ka magetsi kolumikiza mafupa. Ndikagula ndingapewe opaleshoni? Ndikuopa kuti akandidula mwendo.

Bambo, mtima ukhale m'malo. Fupa lokana kugwirana si chifukwa chodulira munthu mwendo, ndipo ambiri amene ali ndi vuto ngati lanuli amadzayendanso akalandira chithandizo choyenera. Chimene chimaika mwendo pachiswe ndi matenda olowa m'fupa n'kukhalitsa osaonedwa. Choncho mantha amene akukuletsani kupita kuchipatalawo ndi amene angakupwetekeni.

Kamakinako si nkhambakamwa. Mu 1957, akatswiri ofufuza a ku Japan, Fukada ndi Yasuda, anasonyeza kuti fupa likapanikizika limatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, ndipo mu 1979 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza makina othandiza mafupa osagwirana. Ena amaikidwa m'kati pa opaleshoni, ena amavalidwa kunja pamalo othyokawo, maola angapo tsiku lililonse kwa miyezi ingapo. Odwala ena amathandizikadi, koma si onse.

Koma pali maganizo amene ndimawamva kawirikawiri, akuti magetsi amawotcherera fupa ngati chitsulo. Ayi ndithu. Magetsiwo ndi ofooka moti nthawi zambiri munthu sawamva n'komwe. Ntchito yake ndi kungodzutsa maselo omanga fupa, womanga weniweni ndi thupi lanu. Ngati zidutswa ziwirizo zikugwedera mukamaponda, kafupa katsopano kamasweka kasanakhwime. Ngati mpata wapakati ndi waukulu, maselo sangaudumphe. Ngati muli mafinya, kapena magazi safika mokwanira, mungavale makinawo chaka chathunthu osaona kusintha. Pamenepo pamafunika kumanga fupalo ndi chitsulo, nthawi zina kuikapo kafupa kotengedwa m'chiuno mwanu momwe. Dziwaninso kuti timakina tambiri totsatsidwa pa intaneti ndi tongoziziritsa ululu, totchedwa TENS. Timakina timeneti palibe chimene timachita pafupa, ndipo ululu ukachepa mudzayamba kupondera mwendo umene sunapole.

Za diclofenac ndiye zandidandaulitsa. Miyezi yonseyi, bambo? Mankhwala oletsa ululu a gulu limenelo, kuphatikizapo ibuprofen, akamwedwa nthawi yaitali angathe kuchedwetsa kupola kwa fupa, komanso amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda zam'mimba. Ululuwo umakuuzani kuti pali chimene sichili bwino, inu n'kumautseka pakamwa.

Simunanene ngati mumasuta. Ngati mumatero, siyani lero. Fodya amachepetsa magazi opita kufupa, ndipo fupa la m'munsi mwa bondo, makamaka chakufupi ndi kakolo, limalandira kale magazi ochepa. N'chifukwa chake limavuta kupola kuposa mafupa ambiri.

Pitani mukaonane ndi dokotala wa mafupa sabata ino. Tengani zithunzi zakale za ekisirei, chifukwa poyerekeza zakale ndi zatsopano ndi pamene timadziwa ngati fupa likupola pang'onopang'ono kapena laimiratu. Adzagwira pamalo othyokawo kuti aone ngati pakugwedera. Adzayeza magazi kufufuza zizindikiro za matenda m'fupa, shuga, mwinanso vitamini D. Muuzeni mosabisa mankhwala onse amene mwakhala mukumwa ndi kuchuluka kwake. Za makinawo mufunseni momasuka, akaona zithunzi adzakuuzani ngati fupa lanu lili m'gulu limene lingathandizike nawo. Ngati muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, nenani asanakupatseni chilichonse cha magetsi.

Ngati pamalopo patupa, pakutentha, pali kabala kotuluka madzi kapena mafinya, kaya thupi likutentha, musadikire sabatayo. Pitani lero lomwe, ndipo ndodo zija musazisiye mpaka dokotala atakuuzani kuti mwendowo ungathe kunyamula thupi lanu.