Mafunso ndi Mayankho: Kodi nzeru za Chihindu zingathandize woyang'anira ntchito?

FUNSO: Akonzi, ine ndimayang'anira ntchito yomanga midadada iwiri ya makalasi kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Tatsala ndi miyezi iwiri kuti mvula iyambe, koma denga sitinakhome, ndipo tulo sindikuliona. Mkulu wina wa Chihindu amene timagulako simenti ku Area 2 ataona nkhope yanga yakugwa anandiuza kuti m'buku lawo lopatulika muli mawu akuti munthu azigwira ntchito osayang'ana zipatso zake. Ine ndine Mkhristu, komanso amene amatipatsa ndalama amafuna kuona zipatsozo mu lipoti mwezi ndi mwezi. Kodi malangizowa ali ndi phindu, kapena ndi ongotonthoza mtima? Mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, mkuluyo sanakunamizeni, kungoti anakupatsani theka la mawuwo. Buku limene amanena ndi Bhagavad Gita, lolembedwa m'chinenero cha Sanskrit, lokhala ndi mitu 18 ndi ndime 700, ndipo ndi kachigawo ka ndakatulo yaitali yotchedwa Mahabharata. Nkhani yake ikuchitikira pabwalo la nkhondo la Kurukshetra, kumpoto kwa India, pamene Arjuna, katswiri woponya mivi, waona kuti kumbali ya adani kuli abale ake ndi aphunzitsi ake, thupi lamulefuka ndipo uta wapulumuka m'manja mwake. Krishna, amene akumuyendetsera galeta, ndiye akumulangiza. Choncho amene analandira malangizowa anali mtsogoleri wosokonezeka maganizo pa tsiku limene gulu lonse linali kuyang'ana kwa iye, monga mmene amisiri anu akuyang'anira kwa inu.

Mawu amene munauzidwa ali pa mutu 2 ndime 47, ndipo ndime yomweyo imatsiriza ndi chenjezo lakuti munthu asakonde kungopinda manja. Mfundo yake ndi yakuti chimene chili m'manja mwanu ndi ntchito ya lero, pomwe zotsatira zimadalira zinthu zambiri zimene simungazilamule zonse. Mutu 18 umatchula zinthu zisanu zimene zimachititsa kuti ntchito itheke: thupi lomwe ndi maziko a ntchito, wogwira ntchitoyo, zipangizo zake, khama la mitundumitundu, ndi chachisanu chomwe ndi gawo la Mulungu. Inu mungathe kuitanitsa malata nthawi yabwino, kulipira amisiri Lachisanu osawazengereza, ndi kufika pamalo a ntchito m'mamawa, koma simungalamule tsiku limene mvula yoyamba idzagwe kapena kutalika kwa mzere wa dizilo umene lole yanu yaimapo.

Chifukwa chimene ndikukhulupirira kuti malangizowa ndi othandiza ndi chakuti mantha a zotsatira ndiwo amawononga ntchito zambiri kuposa ulesi. Zaka zapitazo ndinaona woyang'anira wina, munthu wakhama ndithu, amene atamva kuti kukubwera alendo odzayendera ntchito analamula kuti matabwa ochirikiza konkireti achotsedwe patangopita masiku atatu, ndipo khoma lipakidwe laimu kuti lioneke lomalizika. Folomani anachenjeza, koma sanamumvere. Alendo anaomba m'manja, anajambula zithunzi n'kumapita, koma mvula itagwa mng'alu unatsika kuchokera pamwamba pa zenera mpaka pansi, wolowa chala. Konkireti imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu, ndipo mphamvu yake yokwanira imayezedwa pakatha masiku 28, kaya alendo akubwera kaya ayi. Munthu uja anali atasiya kuyang'ana khoma n'kumayang'ana nkhope za alendo, ndipo ichi ndicho Gita imachitcha kumamatira zipatso. Ine zinandiwawa kwambiri chifukwa amene anakhala pansi pa khoma long'alukalo anali ana.

Pa nkhani ya lipoti, musaope. Zolinga, bajeti ndi masiku omalizira zikhalepo ndipo muzitsate, popeza zimenezo ndi mbali ya ntchito yanu. Chimene muyenera kutaya ndi mtima wofuna kuti lipoti likukometseni inuyo. Ngati denga lichedwa ndi masabata atatu, lembani zimenezo mwezi uno, mufotokoze chifukwa chake ndi njira imene mwakonza, m'malo modikira kuti adzazione okha mu Disembala. Mutu 3 ndime 21 imanena kuti chimene munthu wamkulu achita, ena onse amatsatira chomwecho, ndipo mudzaona kuti mukayamba kunena zoona kwa akuluakulu anu, folomani nayenso adzayamba kukuuzani msanga kuti matumba a simenti apelewera.

Za Chikhristu chanu, ndinene mosabisa kuti Gita ndi buku la chipembedzo, ndipo cholinga chake chenicheni ndi kumasulidwa kwa mzimu, kotero si bwino kulichepetsa ngati kabuku ka maphunziro a utsogoleri. Komabe simufunika kusintha mpingo kuti mutolepo nzeru imeneyi, chifukwa Akolose 3:23 imakuuzani kale kuti chilichonse muchita muchichite ndi mtima wonse monga kwa Ambuye. Mahatma Gandhi, amene anakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914, ankalemekeza kwambiri Gita komanso Ulaliki wa pa Phiri, ndipo sanaone kuti kuwerenga chimodzi kukumulanda chinzake.

FUNSO: Ndimayendetsa kagulu ka anthu khumi ndi awiri okumba zitsime, ndipo mafuta ndi zipangizo zimangosowa. Kodi akale a ku India ananenapo kanthu pa kuba kwa antchito, kapena ankangophunzitsa zauzimu? Bambo wa ku Kawale.

YANKHO: Bambo, ananenapo, ndipo molunjika kwambiri. Pali buku lina la Sanskrit lotchedwa Arthashastra, limene mwambo umati linalembedwa ndi Kautilya, wotchedwanso Chanakya, mlangizi wa mfumu Chandragupta Maurya zaka zoposa 2,300 zapitazo. Bukuli linasowa kwa zaka mazana ambiri mpaka pamene katswiri wa Sanskrit R. Shamasastry analizindikira mumzinda wa Mysore ku India mu 1905 n'kulisindikiza mu 1909. M'menemo muli njira 40 zimene wantchito angabere chuma cha boma, ndipo likuyerekeza wosunga chuma ndi nsomba ya m'madzi, imene palibe angadziwe nthawi imene ikumwa madziwo. Aliyense amene anatsatira nkhani ya Cashgate imene inaphulika ku Capital Hill mu 2013 akumva bwino fanizoli.

Yankho la Kautilya linali kulemba zonse, kuyang'ana mabuku kawirikawiri, kusinthasintha anthu pa maudindo okhudza chuma, ndi kupereka mphoto kwa okhulupirika. Iye ankatinso musanayambe ntchito muganizire zinthu zisanu: mmene muiyambire, anthu ndi chuma chimene muli nacho, malo ndi nthawi, chochita zinthu zikavuta, ndi mmene ntchitoyo idzathere. Makolo athu ankati nkhanga zinapangana kusanapse. Kwa inu, yambani ndi izi: amene amagula mafuta asakhale yemweyo wosunga makiyi a mosungira katundu, malita alembedwe m'kaundula m'mawa ndi madzulo pamodzi ndi maola amene makina agwira ntchito, ndipo inuyo muzisaina kaundulayo Loweruka lililonse gulu lonse likuona. Malipiro nawo musawachedwetse, popeza wantchito amene sanalandire miyezi iwiri adzapeza yekha wogula dizilo wanu panjira.